Tsiku Limene Varvara Anakana Kukhala Pansi

Akavalo anali atamangidwa kale pangolo, mabokosi atakwezedwa, koma Varvara Nikitichna anali chiimire pakati pa chipinda chochezera. Ena onse anali atakhala pansi, poti munthu akamanyamuka ulendo wautali a m'nyumba onse amayamba akhala chete pang'ono, kupanda kutero njira siyera. Wophika anali pabenchi, woyendetsa ngolo pabokosi la nkhuni. Wotsala anali mayi wa nyumba yekha.

Amuna ake, a Jenerale Platon Savvich Rogozhev, anali atavala yunifolomu yawo yakale, mamendulo ali mbuu pachifuwa, ngati opita kunkhondo ndi iwo. Chonsecho munthu anapuma ntchito kalekale, mwendo wakumanzere ukuchita kukokedwa. Wopita anali Gleb, chitsirizira chawo, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anali atamusamutsa ku gulu la asilikali la ku Petersburg, komwe ntchito inali kuguba ndi kuvina basi, kupita kumapiri a Kavkazi kumene anthu ankafa. Zonsezi zinachitika ndi kalata imodzi ya bambo ake kwa mnzawo wakale.

Varvara anabereka ana aamuna atatu. Rodion anatsala kunkhondo ku Sevastopol, Matvei anafa ndi malungo kumsasa wa asilikali, ndipo onse awiri anawakhalira pansi bwinobwino pampando womwewu. Amuna akewo ankawadziwa. Mizinga sankaiopa, koma mchere ukangotayika patebulo ankasowa mtendere tsiku lonse poopa tsoka. Choncho anawerengera kuti iye akapanda kukhala, mwana sanyamuka.

A Jenerale anayamba ndi kutsokomola. Kenako anamukumbutsa kuti dzuwa likupita, kuti kwa Rogozhev mwamuna aliyense anamvapo fungo la wonga kuyambira agogo awo, kuti antchito akuona. Varvara sanasunthe.

"Varvara Nikitichna, ndati khalani pansi."

"Sindine msilikali wanu, Platon Savvich. Mamendulo akuchepa pachifuwapo kuti muwonjezere ndi a mwana wanga?"

Wophika anazolika. Nkhope ya a Jenerale inafiira, koma pampando sanadzuke, poti kudzuka mwambo usanathe ndi tsoka lomwelo. Varvara anaona kuti wawagwira pakhosi, mtima wake n'kuyamba kutsika.

Apa Gleb analankhula, maso ali pa chipewa chimene ankapotokola m'manja. Anati kalata ija anachita kuipempha yekha. Ku Petersburg anzake ankamuseka kuti akulu ake anafa ngati amuna, iye akusungidwa ngati dzira, ndipo anatopa nazo.

"Mukhale kapena musakhale, mayi, ine ndipita. Koma ndikanakonda ndipite mutakhala."

Zinamupweteka Varvara kuposa makalata awiri amene anamuuza za maliro a Rodion ndi Matvei. Zaka zonsezi ankati akulimbana ndi mwamuna mmodzi, osadziwa kuti wachiwiri akumulera yekha m'nyumba. Anayang'ana a Jenerale, n'kuona kuti akunyadira, ndipo panthawi imeneyo anadana nawo ndi mtima wake wonse. Koma kutumiza mwana panjira yosayera, ayi, zimenezo sakanatha. Anakhala pamphepete pa mpando.

Nyumba inati zii. Patapita kanthawi a Jenerale anadzuka, onse n'kudzuka, n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Varvara anaveka Gleb kachithunzi ka Nikola Woyera m'khosi, n'kumupsompsona katatu. Sanalire. Anaima pakhonde mpaka mabelu a akavalo atasiya kumveka.

A Jenerale anamuyandikira akutsimphina, okoma mtima tsopano poti apambana. Anati wachita bwino, mkazi wa msilikali amatero, ndipo mfumu ya dziko siiwala mabanja otere.

"Mukaiuze mfumuyo kuti ana atha, Platon Savvich," anatero Varvara osawayang'ana. "Ikadzafuna wina mudzapite nokha."