Mbale ya Abiti Pimani

Rukiya anali atathira kale mbale yachiwiri ya mpunga m'jumbo pamene Martina anamugwira mkono n'kumuuza kuti ayambe waima kaye. Martinayo anatenga mbaleyo, kuitembenuza, n'kuyamba kuisisita pansi ndi chala ngati akusankha mphika wadothi.

"Iyayi, ndikungoona ngati si ya Abiti Pimani," anatero Martina uku akuseka.

Koma chala chija sichinkachita nthabwala. Martina anali ndi kalesitilanti pafupi ndi pokwerera minibasi, ndipo kwa zaka zisanu ndi zitatu ankagula mpunga kwa Rukiya pamsika wa Nselema osaiyang'ana n'komwe mbale. Nthawi zina ankangosiya jumbo n'kupita kukagula tomato. Lero ndiye anaiyang'ana, pamaso pa anthu. Rukiya zinamuwawa zedi.

Zonsezi anazibweretsa ndi Sufiyani, msuweni wake, mwana wa amalume ake, yemwe ankakhala ku Balaka. Iyeyu ndi anzake anapanga sewero la makatuni lotchedwa Pa Bwemba, ndipo wailesi ya kanema ina inayamba kulionetsa Lamlungu lililonse. Poyamba anthu ankati zidole n'za ana. Koma atangoona gawo loyamba, aliyense anathamangitsa ana pabalaza, chifukwa munali mitala, munali zibwenzi zamseri, munali akuluakulu a komiti ya msika odya za anzawo. Pofika gawo lachitatu, foni iliyonse pa Nselema inali nalo, ndipo a kabaza ankaonera atakhala panjinga mpaka kuiwala makasitomala.

M'seweromo munali mayi wogulitsa mpunga, Abiti Pimani, wamtali, wa mpango wobiriwira, wa mpata pakati pa mano. Akamaliza kuyeza ankaponya kadzanja kena m'jumbo n'kunena kuti, "Basela uyo, musakanene kwanu." Ngakhale wakhungu akanadziwa kuti ameneyu ndi Rukiya, pakuti mawuwo anali ake enieni. Iye mwini anaseka mpaka misozi. Nanga n'kukwiya bwanji? Chichokereni ku umwana, iye ndi Sufiyani sanalankhulanepo mwaulemu ngakhale tsiku limodzi. Sufiyani ankamutchula mkazi wanga wopsereza ndiwo, iye n'kumabweza kuti Chimutu. Ankanyozana paukwati, ankanyozana pamaliro, akuluakulu n'kumangopukusa mitu kuti asiyeni, n'chisuweni.

Ndiye kunabwera gawo lachisanu ndi chimodzi. Abiti Pimani anadzuka m'mamawa, kutola mwala, n'kukhoma mbale yake yoyezera pansi kuti ilowe m'kati izinyamula mpunga wochepa, uku akuimba kanyimbo. Dziko lonse linafa nazo kuseka. Mlungu womwewo amayi atatu anabwera ndi makapu awoawo, ena anayamba kudutsa benchi yake mwakachetechete kupita kwa oyeza pasikelo. Tsopano ndi uyu Martina.

M'mawa mwake Rukiya sanayale malonda. Anakulunga mbale ija m'chitenje, kukwera minibasi ya ku Liwonde, n'kusinthira ina ya ku Balaka. Mayi wina amene anakhala naye pafupi anamuyang'anitsitsa, n'kuyamba kumwetulira, koma ataona nkhope yake anatembenukira kuwindo.

Kumene ankapangira sewerolo kunali kachipinda kuseri kwa malo ometera tsitsi. Makoma ake anali atamatidwa mathileyi a mazira, pakhomo atapachika bulangeti. Rukiya atalowa anamva mawu ake omwe akutuluka pakamwa pa mtsikana wina wonenepa, Bernadetta, amene ankalankhulira Abiti Pimani pamaikolofoni. Bernadetta atangoona mpango wobiriwira ndi mano aja, anakumbukira mwadzidzidzi kuti akufuna madzi akumwa, n'kutuluka.

Sufiyani anadzuka pakompyuta atatambasula mikono.

"Mkazi wanga wabwera! Ndiwo wapsereza kuti lero?"

Rukiya anamasula chitenje, kuika mbale patebulo chafufumimba, n'kumuuza kuti aigwire. Sufiyani anaseka, nati asatengere zinthu pamtima, n'zongocheza, ndi mmene akhala akuchitira chiyambire. Anati gawo la mwala lija ndi limene anthu alikonda kuposa onse, ndipo a wailesi ayamba kale kukamba zowapatsa chaka chachiwiri.

"Msuweni wanga ndi iwe," anatero Rukiya. "Ukandinyoza, ndimakubwezera, zimathera pomwepo. Martina si msuweni wanga. Amayi amene akubwera ndi makapu si asuweni anga. Amenewo ndiwabwezera chiyani?"

Sufiyani anakanda mutu wake waukuluwo. Anali munthu wosakonda kugonja, ndipo ichi n'chimene chinamupweteketsa tsiku limenelo. Anati iye salemba zabodza, zonse za m'seweromo anaziona ndi maso. Rukiya anamufunsa kuti anamuona liti akukhoma mbale.

"Sindinati iwe," anatero Sufiyani. "Azakhali. Chaka cha njala chija. Mwalawo ndinkawatolera ndine."

Kunja makina ometera ankalira.

Rukiya anakhala pansi pang'onopang'ono. Sakanatsutsa, chifukwa zinali zoona. Chaka chimenecho bambo a Sufiyani anali ku Joni osatumiza kanthu, ndipo mayi a Rukiya anatenga mwana wa mchimwene wawo kuwonjezera pa ana awo asanu. Mpunga umene mbale yokhomedwayo inkasiya pansi pa thumba ndi umene unkaphikidwa phala madzulo. Njala itatha, dzanja linali litazolowera. Mayiwo anadzalira nazo ali pamphasa, masiku awo omaliza, akumupempha Mulungu kuti awakhululukire. Ndipo tsiku limene Rukiya anatenga benchi ya malemuwo, chinthu choyamba anakaponya mbaleyo m'chimbudzi n'kugula yatsopano. Kuyambira pamenepo, zaka khumi ndi zitatu, sanamuberepo munthu ngakhale njere imodzi.

"Ndiye watenga dzanja la mayi anga, waliika pa nkhope yanga," anatero. "Mbale imeneyo inakudyetsa, Sufiyani. Mutu umenewu unakula nayo."

Apa mpomwe Sufiyani anaona kuti wapalamula. Anati gawo lomaliza sanalimalize, akhoza kumuchotsamo Abiti Pimani, anene kuti wasamukira ku Mozambique. Rukiya anati akatero anthu adzati wathawa chifukwa chogwidwa. Sufiyani anati ndiye ajambula gawo limene mbaleyo iyesedwe n'kupezeka yabwinobwino. Rukiya anamufunsa ngati anthu amene anaona mwala uja adzachotsedwe maso.

Sufiyani anazungulira kachipindako kawiri, kenaka anaima. Anati pali njira imodzi yotsimikizika. Loweruka a wailesi amuitana kukacheza naye za sewerolo. Akanena poyera kuti msuweni wake Rukiya wa pa Nselema ndi munthu wokhulupirika, kuti za mwala anazitenga kwa azakhali ake amene anamwalira kalekale, omwe ankachita zimenezo panthawi ya njala. Anthu akamvetsa, anatero, nanga njala ija ndani sanaione?

Rukiya anayang'ana mbale yake nthawi yaitali. Ankadziwa kuti mawu amenewo angagwire ntchito. Lolemba lomwe Martina angabwere ndi manyazi, makapu aja angabwerere m'makhichini. Koma ankadziwanso kuti pa Nselema anthu akamatchula mayi ake amati mayi aja ankalera ana a eni. Pamaliro pawo anthu anadzaza mpaka kumsewu.

"Ayi," anatero. "Dzina la mayi anga usalikhudze, pawailesi kapena paliponse. Iwo sangadzuke kudzadziyankhira. Ine ndili moyo, langali ndikalitsuka ndekha."

Sufiyani anafunsa kuti akalitsuka bwanji. Rukiya anati mawa ndi tsiku la msika. Akakhala pabenchi pake pomwe paja, ndi mpango womwe uja, ndipo aliyense wobwera azimupatsa mbale kuti aigwire ndi kudziyezera yekha, kaya zitenga mwezi kaya zitenga chaka. Sewerolo alipitirize mmene akufunira, iye sabweranso kudzadandaula.

Anakulunga mbale m'chitenje n'kuimirira. Atafika pabulangeti la pakhomo anatembenuka, kupinda mawondo pang'ono, manja ali pamodzi monga amachitira kwa alendo.

"Zikomo kwambiri pondilandira, bambo Sufiyani. Tsalani bwino. Mukawapatse moni amayi kunyumba."

Sufiyani anadzidzimuka. Zaka makumi atatu ndi zinayi, pakamwa pa Rukiya sipanatulukepo mawu oti inu kwa iye. Anamutsatira panja, kudutsa pakati pa anthu odikira kumeta, osasamala kuti akumuyang'ana.

"Rukiya, usatero. Nditukwane. Nditchule Chimutu, kapena choposa pamenepo."

"Pepani bambo, ndichedwa minibasi," anatero Rukiya, n'kuwoloka msewu.