Polishi pa Sipolani ya Ababa

Velonika analota ali pa benchi yake mumsika wa Limbe dzuwa lili paliwombo, koma msika wonse uli zii. Foni yomwe amagulitsirapo zinthu zakale pa intaneti inali itakula ngati chitseko, itatsamira khoma. Mkati mwake munkagwa mvula.

Pa benchipo panali katundu mmodzi yekha, sipolani ya malemu bambo ake. Sipolani ndi kachikwama kaubweya komwe amuna a ku Sikotilandi amalendeweza kutsogolo kwa siketi zawo. Bambo Mtambalika ankaivala poimba ng'oma mu bandi ya pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo ankauza aliyense, wofuna kumva ndi wosafuna yemwe, kuti anawapatsa ndi mzungu wina amene anasiyiridwa ndi agogo ake. Velonika anakula akumva zimenezo. N'chifukwa chake poiika pa intaneti analemba mosakayika kuti ndi yeniyeni, yakalekale, yochokera ku Sikotilandi. Bambo ake kunama? Ayi ndithu, amenewo ayi.

M'fonimo munatuluka mayi wachizungu, jasi lake likudontha madzi.

"Ndine wogula," anatero m'Chichewa chopanda chilema. "Sindinabwere kudzanenerera mtengo. Ndabwera kudzaona ngati mawu munalemba aja ndi oona."

"Ndi mawu a bambo anga, mayi."

"Ndiye tiyeza bambo anuwo."

Mayiyo anayamba ndi chitsulo chonyezimira chapakamwa pa chikwamacho. Anati siliva wakwawo amakhala ndi tizidindo kuseri, tosonyeza mzinda ndi amene anasula. Anatembenuza, chidindo osaoneka. M'malo mwake chitsulocho chinayamba kutuluka nthunzi.

"Ine ndine chivundikiro cha ketulo ya abwana," chinatero mwaulemu. "Anandiphwanyitsa ndi hamala kuseri kwa fakitale."

"Zitsulo amasintha," Velonika anayankha msangamsanga. "Nkhani ndi chikopacho."

Apa n'kuti madzi a m'foni atasefukira mumsika, akumufika m'mawondo. Atacheuka anaona bambo ake atakhala pa belo la kaunjika, atavala yunifolomu ya bandi yomwe anawaika nayo m'manda, timitengo toimbira ng'oma tili pamiyendo.

"Velo, mwana wanga, usalole machesi."

"Chifukwa chiyani, ababa?"

"Ndati usalole."

Koma machesiwo anali kale m'manja mwake. Wogula uja anati ubweya wabodza umasungunuka ngati jumbo, weniweni umanunkha nyama, ndipo woyatsa akhale mwini katundu. Velonika anachita mantha, komabe anaganiza kuti apa ndiye pomwe bambo ake apulumukire. Anazula kaubweya kamodzi n'kuyatsa. Fungo la mbuzi yowaulidwa linadzaza msika wonse.

"Mwamva? Ndi weniweni!" anakuwa mosangalala.

Kalanga ine, chisangalalocho sichinakhalitse. Mvula inadonthera pa sipolaniyo, ndipo madzi akuda anayamba kuyenderera pa benchi. Anali polishi wa nsapato. Atasukuluka, pakati pa ubweya wakudawo panaoneka banga loyera, lopindika mbali imodzi. Velonika analidziwa banga limenelo. Linali pamsana pa Chibanga, mbuzi yomwe ankaweta ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tsiku lina inasowa, bambo ake n'kunena kuti iye ndiye waisocheretsa posewera fulaye. Anamukwapula ndi kamtengo ka ng'oma mpaka chala chake cholozera chinathyoka, ndipo chinapola chokhota.

Chikwamacho chinatsegula pakamwa.

"Sindinasochere, Velonika," chinatero. "Ananditenga m'khola iwe uli kumadzi."

Mkwiyo unamukwera Velonika. Anatembenukira kwa bambo ake, koma iwo maso anali pamadzi.

"Bandi inkafuna wokhala ndi sipolani," anatero chapansipansi. "Ine ndinalibe. Amayi ako akanadziwa za mbuzi, akanandisiya."

"Nanga chala changachi, ababa?"

Bambo ake anangobisa timitengo tija kumbuyo.

Madzi anafika pachifuwa. Wogula uja anabwerera m'foni, n'kuima pakhomo atagwira chitseko.

"Ndikutseka," anatero. "Nenani kamodzi. Ndi yeniyeni kapena ayi?"

Velonika anatsegula pakamwa, madzi n'kulowa.

Anadzidzimuka kutacha kale, foni ikunjenjemera pa tebulo. Unali uthenga wochokera kwa wogula wakunja, wofunsa funso lomwelo. Sipolani inali pambali pake, yakuda bii monga mwa masiku onse. Anaiyang'ana nthawi yaitali osafuna kuigwira. Kenako anapaka malovu pachala chokhota chija, n'kupukuta pakati penipeni pa ubweyawo. Chalacho chinabwerako chili chakuda.