Mapiritsi mu Sofa

Azakhali anapisa dzanja m'chibowo cha sofa kufunafuna singano yomwe inagweramo, koma anavuula mapiritsi odzaza chikhatho. Anapisanso, anatulukanso ena.

Anali mankhwala a mwana wa malemu mchimwene wawo, mnyamata wobadwa ndi kachilombo amene anamulera kuyambira akukwawa. Tsopano anali kalipentala wandevu zake, ndipo anzake ankamutcha Thabwa chifukwa chowonda.

M'mawa uliwonse azakhali ankamuimirira pamutu ndi kapu ya madzi mpaka ameze. Kani mwana wa munthu ankabisa piritsi kutsaya, iwo akangotembenuka n'kulilavulira mu sofa. Chifuwa cha Thabwa chimene ankati n'cha fumbi la matabwa chinali kumveka ndendende ngati cha bambo ake m'masiku awo omaliza. Azakhali anachita mantha.

Thabwa atabwera ku ntchito anapeza mapiritsiwo ali pa tebulo. Anayesa kuseka, n'kunena kuti sofa nayenso amafuna moyo wautali, koma nthabwalayo inathera m'kutsokomola.

"Ukufuna ndiike m'manda anthu angati, mwanawe?" anafunsa azakhali.

Mnyamatayo anafotokoza kuti ku ntchito amamudalira ndi makina ocheka matabwa, koma kunyumba samudalira ndi piritsi limodzi. Anati poyamba ankangofuna kuona ngati pali chinthu chimene angasankhe yekha, ndipo chifuwa chitayamba anaopa kuulula.

"Mukaima ndi kapu ija, azakhali, simuona ine. Mumaona maliro. Inenso ndimachita mantha."

Azakhali anafuna kukalipa kuti wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma anadziletsa. Anangomupempha kuti mawa apite kuchipatala akanene zoona zonse. Iye anavomera, bola akalowe yekha kwa dokotala. Atatero, azakhali anatenga botolo la mankhwala lomwe ankalitsekera m'kabati yawo, n'kumupatsa m'manja.

Kutacha azakhali anaima pasinki akutsuka kapu yoyera kale, atamufulatira. Anamva chitsekerero cha botolo chikutseguka, kenako madzi akuthiridwa. Khosi linkawayabwa kuti acheuke. Sanacheuke.