Tsamba Loyamba Pachingwe

Bambo wogulitsa nyuzipepala pasiteji ya basi ankadana ndi anthu owerenga ulere. M'mawa uliwonse ankazipachika pachingwe ndi mapegi, osaziyang'ana n'komwe, kenaka n'kuyamba kukalipa.

"Kuno si kusukulu! Ngati simugula, kaimeni uko!"

Lachiwiri lina anthu anaunjikana kuposa kale. Anawakalipira, koma palibe anasuntha. Mayi wosoka zovala pambali pake anagwetsa nkhope.

"Achimwene," anatero mayiyo, "mwana wanu woyendetsa lole uja wakuimbirani foni lero?"

"Ayi. Bwanji?"

Bamboyo anatembenuka. Patsamba loyamba panali lole yophwanyikiratu, nambala yake ikuoneka bwinobwino. Nyuzipepalazo anazipachika yekha, zonse khumi, iliyonse ndi mapegi awiri kuti isauluke ndi mphepo.