Magazi a Telma Anakwera Galimoto

Pobwerera kuchokera ku Zambia nkhondo itatha, anzanga ananyamula mapoto ndi makasu. Ine Otília ndinanyamula timabotolo ta insulini ta mwana wanga Telma, wa zaka zisanu ndi zinayi. Ali ndi matenda a shuga, ndipo akapanda kubayidwa mankhwalawa amafooka mpaka kukomoka. Kwathu ku Chiputo ndinkatisunga mumtsuko wa mchenga wonyowa kuti tisaonongeke ndi kutentha. Pofika mwezi wokolola, kanatsala kamodzi.

Ndiye tinamva kuti ku Fíngoè kwabwera madotolo a ana odwala shuga. Ine mtima pansi! Tinayenda masiku atatu, mwana akupempha madzi pamtsinje uliwonse.

Tinapeza galimoto yoyera, ndipo pambali pake panali bokosi la madzi oundana. Ndinati basi, mankhwala ndi amenewo.

Dotolo wamkulu, a Nazário, anayamba mafunso. Kodi anadwalapo matsagwidi? Chikuku? Nanga kumtundu kwanu, kwa atsibweni ake, alipo ankakodza pafupipafupi? Ndinayankha zonse, mpaka ndinatchula amayi anga amene tinawasiya m'manda ku Zambia. Kenako anamutenga magazi, timabotolo tiwiri todzaza, mwana woonda ngati bango.

"Nanga insulini, a dotolo?" ndinafunsa.

"Pepani mayi, ife ndife a kafukufuku. Tikufuna tidziwe ngati matendawa amayamba ndi kachilombo kapena amayenda m'magazi a kumtundu. Zidzathandiza ana am'tsogolo."

"Uyu ndi wa liti? Wadzulo?"

A Nazário anayang'ana pepala lawo. Mnzawo wina anatsegula bokosi lija, ine n'kusuzumira. Munalibe mankhwala ngakhale amodzi. Munali magazi okhaokha a ana a eni ake, atandandalikidwa bwinobwino pozizira.

Ndipo mukudziwa chimene anamupatsa Telma pomuthokoza? Maswiti! Mwana wa shuga, anthu ophunzira, maswiti atatu m'manja! Ndinamulanda n'kuwaika pathebulo lawo. Iye analira.

Ndinawapempha kuti atinyamule mpaka ku Tete, kuchipatala chachikulu. Akuti malamulo a galimotoyo salola, komanso mulibe malo.

Galimoto inanyamuka masana ndithu, fumbi kobo. Magazi a Telma anapeza malo, anapita ku Tete ali pozizira. Mwiniwake ndinamubereka kumsana, msinkhu wonsewo, miyendo ikundimenya m'mawondo.

Tili panjira anandifunsa, "Amayi, m'kabotolo muja mwatsala masiku angati?"

Ndinati ambiri. Anali asanu ndi anayi.