Mbendera Yofiira ya a Belu

Anthu a m'tauniyo ankawatchula kuti a Belu, ngakhale belu la pasiteshoni linabedwa kalekale. Ndi iwo okha amene anatsala pantchitopo. Anayamba ali mnyamata wosesa pulatifomu, masiku amene sitima za anthu zinkaima m'mawa ndi madzulo, ogulitsa tiyi akulimbirana mawindo a mabogi. Kenako kunabwera msewu wa tala, mabasi n'kukokolola anthu onse. Sitima ya anthu inayamba kubwera kamodzi pa sabata, pambuyo pake n'kusowa osatsanzika. Pawindo la matikiti mavu anamangapo nyumba. Zinatsala ndi sitima za katundu, zongodutsa ngati mlamu amene munayambana naye. Ntchito ya a Belu inali kuima papulatifomu ndi mbendera ziwiri: yobiriwira yoti pitirirani, yofiira yoti imani, kutsogolo kuli ngozi.

Mmodzi wa madalaivala a sitimazo anali mzime wawo. Ankakhala kutali, kumapeto a njanji, ndipo makolo ake ankangomuonera pawindo la injini.

Tsono akazi awo a Belu anadwala. Kuchipatala anawabweza ndi mawu aja akuti kawasamalireni kunyumba, amene aliyense amadziwa tanthauzo lake. Zomuimbira foni mnyamatayo mayiwo anakana kwamtuwagalu, ati munthu woyendetsa chitsulo chonse chija sauzidwa zoterezi ali paulendo. Koma m'mawa wa tsiku limene mzimeyo ankadutsa, anagwira amuna awo dzanja.

"Inu, lero muimitse sitima. Ndimuone mwana wanga, ngakhale angosuzumira pakhomopo."

"Mayi, yofiira ija ndi ya ngozi. Atichotsa ntchito tonse awiri, ine ndi mwanayo."

"Nanga ineyo sindine ngozi?" Anaseka pang'ono, chifuwa n'kuwatsamwitsa.

A Belu analonjeza. Nyumba yawo inali kuseri kwa siteshoni, poti munthu akhoza kuthamangirako, kugwira amake dzanja, n'kubwerera injini ikadali kulira. Akutuluka, anamva mayiwo akuuza mwana wawo wamkazi kuti awasambitse, awamange mpango watsopano kumutu ndi kuwatsamiritsa pamapilo, mwana asawapeze ngati afa kale.

Papulatifomu a Belu anapanikiza yobiriwira m'khwapa, yofiira n'kuigwira kumanja. Inali itachita kuuma ndi fumbi. Zaka zonsezi sanaimitsepo sitima popanda chifukwa, ndipo ankadzitama nazo mpaka anthu kutopa nawo. Anaganiza za adzukulu awo, amene amadya chifukwa cha injini ija. Anaganiza za mabwana ndi mafunso awo. Komabe anadzilimbitsa mtima kuti lero zivute zitani, sitima iima.

Dzuwa lili paliwombo, njanji inayamba kunjenjemera, hutala n'kulira pakona. Koma dzanja la munthu wokalambira pantchito lili ndi mutu wakewake. Kaya anali mantha, kaya chizolowezi, iwonso sadziwa mpaka lero. Anangozindikira yobiriwira ili m'mwamba, yofiira ili pansi pafupi ndi nsapato.

Injini inafika, mzime atatulutsa mutu pawindo, mano onse ali panja.

"Bambo! Amayi ali bwanji?"

"Ali bwino!"

Mawuwo anatuluka okha, monga amatulukira munthu akakupatsa moni panjira. Mnyamatayo anagwedeza dzanja n'kubwezera mutu m'kati. Apo m'pamene a Belu anadzidzimuka. Anatola yofiira ija n'kuthamanga m'mbali mwa mabogi, akuikupiza, akukuwa mpaka mawu kusasa. Koma dalaivala wabwino sacheuka, ndipo ndi iwo omwe anamuphunzitsa zimenezo. Mabogi anadutsa onse, iwo ataima pamene pulatifomu imathera.

Kenako anabwerera kunyumba. Anapeza mayiwo atakhala tsonga pabedi, mpango uli bwinobwino kumutu, maso ali pachitseko. Munthu amene wakhala pafupi ndi njanji moyo wake wonse sachita kuuzidwa.

"Ndamva," anatero mayiwo. "Sinachepetse n'komwe liwiro."

A Belu anagwada pambali pa bedi. 

"Koma mwamuona? Wanenepako?"

"Wanenepa. Wafunsa za inu."

"Ndiye mwati chiyani?"

"Ndati muli bwino."

Mayiwo anawayang'ana n'kunena kuti: "Mwachita bwino, bambo. Ayende ndi mtima umodzi." Anatsetsereka pamapilo paja n'kutembenukira kukhoma. A Belu akanakonda kutukwanidwa. Chifundo chimenecho chinawapweteka kuposa china chilichonse, ndipo analira ngati mwana, nkhope ataikwirira m'bulangete.

Mayiwo anatsikira kulichete mawa lake, dzuwa likutuluka. Uthenga unamupeza mzimeyo kumapeto a njanji. Pafoni anafunsa ndi mawu aang'ono ngati a mwana wasukulu:

"Bambo, si paja dzulo munati ali bwino?"