Zitini Zisanu m'Firiji ya Mowa

"Iwe Warwick, ndati tseka firijiyo!" anatero Kerryn ataima pakhomo la galaja, manja ali m'chiuno.

Mlongo wakeyo sanatseke. Anagwada n'kumatulutsa mabotolo a mowa limodzilimodzi mpaka kumbuyo kwake kunaoneka zitini zisanu zophwatalala ngati mbale. M'menemo munali filimu ya bambo awo, a Lindsay Pybus, omwe anali atamwalira Lolemba. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu filimuyo inkagona pozizira kuti isaonongeke, pomwe nyama ya Khirisimasi inkasowa poiika.

"Analemba okha ndi dzanja lawo," anatero Warwick akugwedeza kapepala. "Akuti tikawaika Lachisanu, tikaonetse filimuyi mu holo. Ukufuna tiwanyoze atagona?"

"Iwo anatinyozetsa ali maso. Iwe unathawira ku Melbourne, ine ndi amene ndimagula buledi m'tauni muno."

Kerryn anali atatopa nazo. Maliro ali ndi ntchito zake: bokosi, maluwa, abusa, masangweji a anthu zana. Koma bambo ake sakanatha kungomwalira ngati anthu ena onse, anayenera kusiya kaye chipwirikiti pakhomo.

Filimuyo inali ya mlimi wa maapozi yemwe ankatsekera mkazi wake m'shedi usiku wonse m'nyengo yachisanu. Mkaziyo anagwa m'chikondi ndi waganyu wothyola zipatso, ndipo za awiriwo kamera sinabise kanthu. Mwamuna atazindikira anathyola waganyuyo manja pachitseko cha shedi. Mlimiyo atadzafa ziwalo, mkazi uja ankamukhazika pawindo m'mawa uliwonse, n'kumadula mitengo yake umodziumodzi iye akuona.

Ophunzira a m'mizinda anaiombera m'manja. Koma kuno ku chigwa cha Huon mlimi aliyense anaganiza kuti akunena iye. Mawindo a kwa Pybus anaswedwa kawiri, ndipo kusukulu Kerryn ankatchedwa mwana wa zolaula. Tsopano anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu yomweyo. Ulemu umenewo anautolera pang'onopang'ono kwa zaka makumi awiri, ndiye auwotche ndi madzulo amodzi?

Analanda chitini choyamba n'kulowa nacho kukhitchini, komwe amayi awo, a Noelene, ankapaka batala pa buledi.

"Amayi, muuzeni mwana wanuyu. Makolo a ana anga a kusukulu akaone maliseche pakhoma la holo, tiyi ali m'manja?"

"Asaa, ngati sanaonepo," anatero Warwick.

"Khala chete iwe!"

"Ndipatsireni mpiru uyo," anatero amayiwo osadzutsa mutu.

Izi ndi zomwe zinkamupweteka Kerryn kuposa zonse. Moyo wonse amayi ake pa nkhani ya filimuyi anali duu, ngati mwala womwe unaswa windo unagwera kwa aneba.

"Zitinizi ndikukazitaya kudzala lero lomwe," anatero. "Bambo anali munthu wodzikonda. Anapanga chinthu chonyansa kuti anthu amabuku awatame, ife n'kumalipira ndi manyazi. Ndanena, ndipo sindibweza."

Mpeni wa batala unaima. A Noelene anapukuta manja pa epuloni, n'kukoka chitinicho ndi kuchitsekula ndi chala chachikulu ngati munthu wozolowera. Pamwamba pa mpukutu wa filimu panali envulopu yakale. Anatulutsamo kachidutswa ka filimu kotalika ngati mkono.

"Kayang'ane pawindo. Maso ako akadali abwino."

Kerryn anakweza kachidutswako kudzuwa. Tizithunzi tonse tinali takuda, ndi timalemba toyera pakati. Anatsinzina diso limodzi n'kuwerenga: Nkhani yolembedwa ndi Noelene Pybus.

"Bambo anu sankatha kulemba ngakhale kalata ya kubanki," anatero amayiwo. "Iwo ankadziwa kamera basi. Mlimi uja ndi agogo anu aamuna, kumpoto komwe ndinakulira. Mkazi uja ndi mayi anga. Chitseko chija ndinachimva ndekha, ndili pansi pa tebulo."

Warwick anakhala pampando osaona kuti pali mbale ya mazira.

"Filimu itatha, agogo anu aakazi anali adakali moyo, alongo anganso. Tsiku loitumiza ku Melbourne ndinapeza bambo anu atadula dzina langa ndi lumo. Ndinakhala sabata osawalankhula. Iwo anangoti, 'Noelene, miyala ikamabwera ibwere kwa ine, mutu wanga ndi wouma kale.' Miyala itabweradi, ndinachita mantha, ndipo sindinatsegulenso pakamwa."

Mkwiyo wa Kerryn sunathe, unangosintha njira.

"Ndiye munandisiya ndikudana ndi munthu wolakwika? Zaka zonsezi? Pa ukwati wanga ndinawakaniza kulankhula, Amayi! Inu muli pomwepo, mukudya keke!"

"Ndinali pomwepo, mwanawe."

"Iwonso! Kungondiuza kamodzi kukanawathyola nsagwada?"

"Sinali nkhani yawo yoti anene. Ndimo ankayankhira."

Kerryn anakhala pansi. Anafuna wina womukalipira, koma woyenera kukalipiridwa anali m'bokosi kunyumba yosungira maliro ku Huonville, atavala tayi yomwe iye anamusankhira mwamwano. Anamva chisoni, ndipo chisonicho chinamukwiyitsanso.

Anatembenuza envulopu ija. Kumbuyo kunali mndandanda wa zaka zolembedwa ndi pensulo, m'zilembo zokhota za bambo ake, ndipo pambali pa chaka chilichonse panali liwu limodzi. Wakana. Wakana. Wakana.

"Chaka chilichonse, maapozi akatha kuthyoledwa, ankatulutsa filimuyi kuti ipitidwe mphepo," anatero a Noelene. "Akamaikulunganso ankandifunsa kuti, 'Chaka chino tilibwezeretse dzina lija?' Ndikayankha, ankalemba, n'kukaika ketulo pamoto. Sanandikakamizepo."

Mzere womaliza unali wa chaka chino. Panalibe yankho. Panangolembedwa kuti: Mumufunsenso.

Kerryn anaganiza za makolo a kusukulu, za abusa, za Lolemba lotsatira ataima pamaso pa ana mazana awiri. Anapumira m'mwamba.

"Chabwino, ndikukufunsani. Tilibwezeretse?"

"Warwick, dzuka pa mazirapo, ukatenge kachipangizo kolumikizira filimu ndi tepi m'kabati ya bambo ako."

"Nanga abusa ndikawauza chiyani?" anafunsa Kerryn.

"Ukawauze akhale kutsogolo. Samva bwino."

A Noelene anavala magalasi awo, n'kusolola pensulo m'kapu ya pawindo. Anasalaza envulopuyo patebulo, pakati pa buledi ndi batala, ndipo pansi pa mawu a amuna awo analemba pang'onopang'ono: Wavomera.